Kulira Kumene Ndinaba

Marita ndi Pio, ana anga, ndikulemba izi chifukwa pakamwa panga simupakhulupiriranso. Ndikayankhula mumandiyang'ana ngati mukudikira kuti katani itsekedwe. Sindikukudzudzulani. Ndikungofuna kuti mudziwe kuti amayi anu ndinawalira moona, ndiponso mudziwe chimene chinachititsa kuti anthu asakhulupirire. Za ubwana wanga sindilemba. Ndinabadwira kwa Mpama, ndinaweta mbuzi, ndinalephera mayeso a Fomu 2, basi.

1982

Ntchito yanga yoyamba inali yaumesenjala pa kampani ina yosindikiza malisiti ndi makalendala ku Limbe. Ndinkayenda ndi maenvulopu tsiku lonse mpaka nsapato zinatha zidendene. Pa nkhomaliro ndinkasangalatsa anzanga potsanzira mabwana: kayendedwe ka akalaliki, katsokomoledwe ka akapitawo, mmene bwana wamkulu ankawerengera makiyi ake. Tsiku lina bambo wina wamfupi, wonunkha fodya, anabwera kudzasindikizitsa mapepala olengeza sewero ndipo anandipeza ndili mkati motsanzira. Ndinaima ndi mantha. Iye anati, "Iwe, chita kachiwiri." Ndinachita. Sanaseke. Anangoti, "Loweruka ubwere kusukulu kwathu, thuu koloko. Ukachedwa usabwere n'komwe."

Ameneyo anali mphunzitsi wa sekondale amene anali ndi gulu la zisudzo. Tonse tinkangowatchula kuti a Dairekita, ndipo dzina lawo lenileni ndilisiya choncho. Anali munthu waukali wosowa nawo pothawira. Ukaiwala mawu ankakuponyera choko, choko chikatha, dasitala. Tinkakonzekera m'kalasi ana akaweruka. Katani yathu inali zitenje zitatu zosokerera pamodzi, ndevu zinali za khonje, imvi zinali ufa woyera. Kopita kukasewera tinkakwera malole a matola, ndipo kangapo tinasewera m'holo yopanda magetsi, anthu akutiunikira ndi nyali zawo zomwe. Koma chimene ndinatenga kwa a Dairekita ndi chiphunzitso chimodzi chimene ankabwereza sabata iliyonse. Ankati, "Wazisudzo ndi mbala. Usamapeke za m'mutu mwako, mulibe kanthu mmenemo. Pita kumsika, pita kudepoti, khala pabenchi ya kuchipatala. Ukaone mmene munthu amakandira khosi akamanama. Ukabe, ubwere nazo kuno." Ndinamvera, ndipo ndinakhala mbala yaluso kuposa anzanga onse.

1987

Ndinakwatira amayi anu, Rozina, kwa Milepa. Mwa mwambo wathu ndinakamanga nyumba kwawo, ndinakhala mkamwini. Ineyo ndinkagona m'kachipinda ka lendi ku Bangwe, kumudzi ndinkafika kumapeto kwa mwezi. Apongozi anga aamuna, agogo anu a Nikolasi, anali munthu wofatsa, wolima nandolo ndi mbatata, wosakweza mawu ngakhale kwa nkhuku. Ntchito yanga sankaimvetsa. Tsiku lina tikupalira anandifunsa kuti, "Ndiye akamwini, inu mumangoyankhula, anthu n'kumalipira pakhomo?" Nditavomera anapukusa mutu nati, "Dziko lakula." Sananditenge ngati mlendo wobwera kudzagwira ntchito pamudzi wa eni. Anandigawira munda wa kudimba umene unali wabwino kuposa wawo, ndipo ndikachedwa kubwera ankaupalira okha.

Zaka zimenezo pasiteji ndinali munthu wa m'mbali. Ndinasewera wapolisi wachiwiri, wantchito wa m'nyumba, mboni ya kukhoti, ndi mtembo kawiri. Dzina langa silinalembedwepo papepala lolengeza. Ndinkauza anthu kuti sizinkandikhudza, koma linali bodza. Zinkandidya mumtima usana ndi usiku.

1996

Chaka chimenechi anamwalira Bene, mlongo wamng'ono wa amayi anu. Marita, iwe unali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mwina ukumukumbukira. Anali atangomaliza Fomu 4. Agogo anu anagulitsa nandolo wa zaka ziwiri ndi mbuzi zitatu n'kumugulira njinga yatsopano yakuda, kuti azinyamula katundu kupita naye ku Namitambo. Anaikwera miyezi iwiri yokha. Malungo anamugwira Lachiwiri, Lamlungu tinali kumanda.

Mukudziwa kuti kwathu amuna salira mokweza pamaliro. Amakhala chete, amawerama, kulira amasiyira amayi. Agogo anu anaima chomwecho mpaka bokosi litatsitsidwa. Dothi loyamba litagunda matabwa, anavula chipewa n'kuluma m'mphepete mwake. Bondo lakumanzere linayamba kugwa, lakumanja linatsatira. Mawu anawathyokera pakhosi katatu ngati munthu wotsamwa, kenaka anafunsa, osati mofuula ayi, koma ngati akufunsa munthu amene ali pafupi: "Nanga njingayi akwere ndani?" Manda onse anagwidwa ndi chisoni. Adzukulu okumba manda, anthu ouma mtima aja, anasiya makasu n'kutembenukira kutchire.

Apa ndiye pamene ndiyenera kunena chimene sindinauzepo munthu. Ndinalira nawo, Bene ndinkamukonda. Koma theka lina la ine linali litaima pambali likuonetsetsa: bondo liti layamba, chipewa achiluma mbali iti, mawu athyoka kangati. Mu minibasi yobwerera ku Limbe ndinapezeka ndikuyeserera pakhosi chamumtima. Ndinachita manyazi, koma sindinasiye.

1998

A Dairekita analemba sewero loseketsa la munthu waumbombo wotchedwa a Chaumira, ndipo kwa nthawi yoyamba anandipatsa gawo lalikulu chifukwa mwini wake anali atadwala. M'seweromo a Chaumira amauzidwa uthenga wabodza wakuti mwana wawo wakokoloka ndi madzi. Malo amenewo ankatikanika. Ndinalira mwamtundu uliwonse, a Dairekita ankangoponya choko. "Ukulira ngati wailesi! Ndani analirapo choncho? Zaka zonsezi wakhala ukuba chiyani?" Magazi anandikwera. Ndinatola chipewa cha mnzanga, ndinachiluma, bondo lakumanzere pansi, lakumanja pansi, pakhosi katatu, kenaka funso lija. M'kamwa mwa munthu waumbombo mawu aja anamveka ngati akulira njinga osati mwana. Kalasi yonse inagwa nacho chiseko, wina mpaka anatuluka panja atagwira m'mimba. A Dairekita anandiyandikira nati, "Wachitenga kuti chimenechi?" Ndinati, "Kumudzi." Iwo anati, "Usachisinthe ngakhale pang'ono."

Tsiku loyamba kusewera, amayi anu anabwera kuchokera kumudzi osandiuza, Pio ali kumsana. Ankafuna kundiona tsiku limene dzina langa linalembedwa pakhoma. Sewero litatha anthu anandinyamula m'mwamba. Nditatsika ndinawaona ataima pafupi ndi mpopi wa kunja kwa holo, nkhope ili pansi.

"Mwabwera, mayi a Marita? Bwanji osanena?"

"Bambo a Marita, amene aja ndi bambo anga."

"Ndi sewero chabe lija."

"Chipewa mwaluma mbali yomweyo imene analuma iwo."

Ndinayamba kufotokoza za luso, za a Dairekita, za mmene ntchito yathu imayendera. Anandisiya ndiyankhule mpaka mawu anandithera. Kenaka anati, "Sindinakupempheni kanthu chikwatirane. Chotsani chimenechi. Lirani mwina, mumatha." Ndinawalonjeza pomwepo, ndipo polonjeza sindinkanama.

Lolemba ndinapita kwa a Dairekita. Ndikanakonda kulemba kuti anandikakamiza, kuti mlandu tigawane, koma sanatero. Anayatsa fodya nati, "Ndi zako zimenezo, chotsa ngati ukufuna. Koma usadzinamize. Loweruka holo idzadzaza chifukwa cha mphindi imodzi yomweyo." Sabata yonse ndinakonza kulira kwina. Loweruka ndinalowa pasiteji nditatsimikiza mtima. Titafika pamalo aja, holo yonse inangoti zii. Mbiri inali itawanda, anthu ankadziwa chimene chikubwera, ena anali atayamba kale kumwetulira. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndinali mtembo ndi wapolisi wachiwiri, ndipo tsopano anthu odzaza holo anali kudikira ine ndekha. Ndinadziuza kuti Blantyre ndi kutali, kwa Milepa sizikafika. Ndinavula chipewa.

Mwezi wotsatira ndinasiya ntchito yaumesenjala. Amayi anu anamva kuti sindinachotse. Sanafunse, sanakalipe, ndipo sanadzabwerenso kudzandionera mpaka imfa yawo.

2005

Zaka zotsatira ndinayenda dziko lonse. Ndinasewera mafumu, abusa, zigawenga, madokotala. Ena mwa magawo amenewo ndinawagwira bwino kwambiri kuposa a Chaumira, koma palibe amene amawakumbukira. Manyuzipepala anandilemba, ndinalandira zikho ziwiri, ndinakwera ndege kukasewera kunja. A Dairekita atamwalira, achinyamata ena a makamera anagula sewero lija kuti alipange filimu. Pamenepo ndinali ndi mwayi wachiwiri wokana. Sindinaganize ngakhale tsiku limodzi. Chinthu chija chinali chitakhala changa, ndinali nditaiwala kuti chinali ndi mwini wake.

Sewero la pasiteji limathera muholo, koma filimu ili ndi miyendo. Madisiki anafika ku Namitambo, anafika kwa Milepa, m'tinyumba toonetsa mavidiyo tija. Anyamata a kabaza, onyamula anthu panjinga, anatola funso lija kukhala lawo. Munthu akatsika minibasi ankamuthamangira akufuula kuti, "Nanga njingayi akwere ndani?" Ena analilemba ndi penti kumbuyo kwa mpando. Ambiri mwa iwo sankadziwa kumene linachokera, koma akuluakulu onse amene anali pamanda a Bene anadziwa tsiku loyamba lomwe. Agogo anu ankapita ku chipatala cha kwa Milepa mwezi uliwonse kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Njira yake imadutsa pamene amaima a kabaza.

Nditafika kumudzi pa Khirisimasi agogo anu anandiitanitsa. Ndinawapeza akusenda nandolo pakhonde. Chitseko chinali chotsekula, ndipo ndinaona njinga ya Bene ili chipachikire kudenga, matayala ataphwa. Ndinakhala pansi patali pang'ono, monga amachitira mkamwini.

"Akamwini, ndamva kuti anthu amaseka kwambiri."

"Eya, bambo."

"Ndinapita ndekha kukaona. Ndinalipira pakhomo ngati anzanga." Anasenda nandolo wina. "Mumatha ntchito yanu. Ndinadziona."

Anataya makoko pansi napitiriza.

"Koma ine sindinkalira njinga."

"Ndikudziwa, bambo."

"Mukudziwa," anatero, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndimaganiza kuti mwina simunadziwe."

Anapitiriza kusenda nandolo. Ndikanakonda akanandimenya ndi mpini. Kuyambira pamenepo anasiya kudzera kumsika. Kuchipatala ankazungulira njira ya m'minda, yaitali kawiri, ndipo miyendo itayamba kuwavuta anangosiya kupitako. Anamwalira mu 2008. Pamaliro awo ndinakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo alamu anga a Lukasi, mkulu wake wa Bene, amene tsopano anali mwinimbumba, sanandipatse moni.

2015

Amayi anu anadwala miyezi isanu ndi iwiri. Ndinasiya zonse n'kubwerera kumudzi. Ndinkawasambitsa, ndinkawatembenuza, ndinkawaphikira phala limene sankadya. Marita, iwe unaona zimenezi ndi maso ako. Sabata yomaliza ndinawapepesa za nkhani ija. Anandiyang'ana nati, "Munachedwa, bambo a Marita. Woti mumupepese anapita." Kenaka anandipempha madzi, ndipo nditawamwetsa anagwira dzanja langa osalisiya. Sindidziwa ngati kumeneko kunali kukhululuka. Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi.

Kumanda ndinaima ndi amuna anzanga. Ndinali nditatsimikiza kukhala chete. Koma dothi litagunda bokosi, china chake chinandikwera kuchokera m'mimba. Mawondo anagwa, lakumanzere poyamba. Pakhosi panathyoka katatu. Ana anga, ndikulumbira pamaso pa Mulungu amene ndikupita kukakumana naye posachedwa, sindinachite dala. Ndinali nditachita chinthu chimenecho kambirimbiri kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, moti thupi langa linalibenso njira ina yolirira. Kulira kwanga kwenikweni, kumene ndinabadwa nako, sindikudziwa kumene kunapita.

Kumbuyo kwa khamu, munthu wina ananong'ona funso lija. Sananene mokweza, koma kumanda kumakhala chete. Wina anafwenthera pofuna kubisa chiseko. Chinayenda pakati pa anthu, amayi akutseka pakamwa ndi zitenje, ena a kwaya akuyang'ana pansi mapewa akugwedera. Sanali anthu oipa. Ndinali nditawaphunzitsa ndekha kuti akamva phokoso limenelo aziseka. A Lukasi anadza nandigwira pamkono mwamphamvu. "Alamu, pano si pasiteji. Tiyeni." Ananditulutsa m'manda mkazi wanga asanakwiriridwe. Sindinaponye dothi.

Patapita mwezi anandisudzula. Mukudziwa kuti mkamwini wokalamba, amene ana ake akula pamudzi, nthawi zambiri amamuuza kuti akhale, asamale adzukulu. Ine sanandiuze choncho. A Lukasi anayankhula mwaulemu wonse pamaso pa ankhoswe. "Alamu, mwamasuka. Kwanu kuli abale, akakusungani." Ndinayang'ana kumene munakhala inu awiri. Pio unali kulira. Marita unali kuyang'ana zala zako. Ndinanyamula sutikesi, zikho ziwiri ndi wailesi, n'kubwerera kwa Mpama, kumene mlongo wanga anandipatsa nyumba ya mwana wake. Sindinakwerenso pasiteji. Amandiitanabe nthawi zina kuti akandilemekeze ku tawuni, ndipo nthawi zonse pamapeto pa foni pamakhala pempho lomwelo, lakuti ndikachiteko kamodzi kokha. Ndimadula foni.

2024

Chaka chatha munamanga chiliza cha amayi anu. Pio anabwera kudzandiuza, ndipo anazungulira nthawi yaitali asanafike pamfundo. "Amalume akuti mubwere, bambo. Koma akuti muime ndi amuna, ndipo musalire." Ndinavomera. Ndikanavomera ngakhale akanati ndibwere chokwawa.

Ndinavala suti imene ndinalandirira chikho choyamba, tsopano yandikulira. Ndinaima pamene anandiimika. Pamene ankavundukula nsalu ndinaona dzina la Rozina litalembedwa pasimenti, ndipo chinthu chija chinayambanso kukwera. Ndinaluma lilime mpaka ndinamva magazi. Ndinaumitsa mawondo. Ndinayang'ana mtengo wina wa patali n'kuyamba kuwerenga nthambi zake. Pa ntchito yonse imene ndagwira moyo wanga, palibe inandivuta ngati kuima chilili kwa ola limenelo nkhope ili youma. Ndinakwanitsa. Palibe anaseka.

Pobwerera kumudzi, amayi awiri a mumpingo ankayenda patsogolo panga osadziwa kuti ndili pambuyo. Wina anati, "Mwawaona amuna akewo? Maso gwa." Mnzake anayankha kuti, "Zaka zonse zija anakhala nawo, ngakhale msozi umodzi. Pafilimu ndiye amalira." Iwe Marita unali pambali pawo utasenza ndowa. Unamva, ndipo unkadziwa amene anandiletsa. Ndinadikira kuti utembenuke uwauze. Unangopitiriza kuyenda.

Madzulo ake unandiperekeza kumsewu, utandimangira mbatata m'kathumba. Tinayenda mpaka pamlatho. Ndinalimba mtima.

"Marita, unamva zimene amanena amayi aja?"

"Ndinamva, bambo."

"Bwanji sunawauze?"

Unaika kathumba pansi. Sunakwiye, ndipo mawu ako anali ofatsa ngati a agogo ako.

"Ndiwauze kuti chiyani, bambo? Inenso sindidziwa."

Minibasi inafika, unandikweza, unandipatsira kathumba pawindo. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi, maso ayamba kuchita khungu, ndipo mboni zonse zimene zikanandiikira kumbuyo zili m'manda. Ndalemba zimene ndikudziwa. Rozina ndinkamukonda, ndipo tsiku lija ndinkalira iyeyo.